Amphaka 49 a Mlembi Ahmes

Ku British Museum, mumzinda wa London, kuli mpukutu wa gumbwa wotalika mamita pafupifupi 5, umene mlembi wina wa ku Egypt dzina lake Ahmes anaulemba cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe. Koyambirira kwa mpukutuwo iye mwini akunena kuti ankalemba m'chaka cha 33 cha ufumu wa Apophis, mmodzi mwa mafumu achilendo otchedwa Hyksos, ndiponso kuti ankakopera zolemba zakale za m'nthawi ya mfumu Amenemhat III, zaka ngati 300 m'mbuyo mwake. Lero mpukutuwu umadziwika ndi dzina la Alexander Henry Rhind, loya wa ku Scotland amene anaugula ku Luxor mu 1858. Unafika ku British Museum mu 1865, ndipo tizidutswa take tina tili ku Brooklyn Museum ku New York. Muli mafunso a masamu oposa 80: kugawa mikate kwa anthu 10, kuyeza minda, kupeza kuchuluka kwa tirigu amene angalowe m'nkhokwe yozungulira, kupendekeka kwa mapiramidi, chakudya cha atsekwe ndi ng'ombe. Ndi masamu a mlembi wa boma, munthu amene mawa lake adzaimirira pakhomo la nkhokwe ya mfumu n'kumalemba zolowa ndi zotuluka.

Pakati pa mafunso a ntchitowa pali limodzi losiyana ndi anzake, limene akatswiri a masiku ano analipatsa nambala 79. Ndi lalifupi kwambiri. Lili ndi kamutu kamene ambiri amakamva ngati kaundula wa katundu wa pakhomo, ndipo pansi pake pali mindandanda iwiri. Mndandanda umodzi uli ndi zinthu zisanu, chilichonse ndi chiwerengero chake: nyumba 7, amphaka 49, mbewa 343, tirigu 2,301, miyeso yotchedwa hekat 16,807, zonse pamodzi 19,607. Mndandanda winawo uli ndi 1 moyang'anizana ndi 2,801, kenako 2 ndi 5,602, kenako 4 ndi 11,204, ndipo kuwonkhetsa kwake ndi 19,607 yemwe uja. Kandime kathera pomwepo.

Kandime kameneka n'koyenera kukawerenga modekha chifukwa kakukhudza funso limene anthu ambiri ali nalo lero: nambala ikamabwerezabwereza, kodi ikutiuza kanthu? Ahmes akusonyeza kuti inde, ikhoza kutiuza zambiri, koma tanthauzo lake limatuluka munthu akaigwiritsa ntchito ndi kuiyesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi chimene palibe. M'kandime konseka mulibe mawu onena zimene amphakawo akuchita. Ahmes sanalembe kuti mphaka wagwira mbewa kapena kuti mbewa yadya tirigu. Anangondandalika mayina asanu ndi manambala ake. Nkhani imene mabuku ambiri amafotokoza, yakuti m'nyumba iliyonse mwa nyumba 7 muli amphaka 7, mphaka aliyense wapha mbewa 7, mbewa iliyonse ikanadya ngala 7 za tirigu, ndipo ngala iliyonse ikanabala miyeso 7, inamangidwa ndi owerenga polumikiza mayinawo. Ngakhale mawu akuti ngala ndi owonjezera. Pa gumbwapo pali dzina la mbewu lokha, mtundu wa tirigu wotchedwa emmer umene anthu a ku Egypt ankalima kwambiri. Choncho tisanapite patali, tapeza kale kuti tanthauzo loyamba la kandimeka linachokera m'mutu mwa owerenga. Chofunika n'kuona ngati anali ndi chifukwa chokwanira.

August Eisenlohr, katswiri wa ku Germany amene anayamba kusindikiza ndi kumasulira mpukutuwu mu 1877, sanaonemo nkhani. Iye anaganiza kuti mayinawo ndi zizindikiro za masitepe a nambala: dzina loyamba likuimira 7 payekha, mphaka akuimira 7 wochulukitsidwa ndi 7, mbewa sitepe yachitatu, mpaka kumapeto. Ena, monga Moritz Cantor wolemba mbiri ya masamu, anaona kuti mndandandawu ndi mafupa a nkhani. Maganizo achiwiriwa ndiwo anapambana, ndipo chifukwa chake chili pa gumbwa pomwepo. Mphaka ndi mbewa sizipezekanso kwina mumpukutumo zikuimira masitepe a nambala. Komanso mayinawo sanaikidwe mwachisawawa, chifukwa chilichonse chikudalira chotsatira chake: nyumba imasunga mphaka, mphaka amadya mbewa, mbewa imadya tirigu, tirigu amayezedwa ndi muyeso. Aliyense amene anaonapo makoswe akutha chimanga m'nkhokwe mpaka pakhomo patabwera mphaka safuna womumasulira mndandanda umenewu. Nkhani ya owerengayo ndi yovomerezeka chifukwa ikufotokoza chifukwa chake mayina akutsatana chonchi, ndipo siikusintha kanthu pa zimene mlembi analemba.

Koma nkhaniyo ikafika pa kuwonkhetsa, imagwa. Kodi 19,607 ndi chiwerengero cha chiyani? Nyumba zaphatikizidwa ndi amphaka, amphaka ndi mbewa zimene adya kale, mbewa ndi tirigu, tiriguyo n'kuphatikizidwanso ndi miyeso imene akanabala. Mlembi amene angapereke kaundula wotere kwa kapitawo wa nkhokwe ntchito ingamuthere tsiku lomwelo. Hekat imodzi inali pafupifupi malita 4.8, kotero ngala imodzi yobala miyeso 7 ikanatulutsa malita oposa 33, chinthu chimene mlimi aliyense wa m'mphepete mwa Nile ankadziwa kuti sichingachitike. Ahmes, amene m'mafunso ena amasamala ngakhale tizigawo tating'ono ta muyeso, sangakhale kuti sanaone zimenezi. Kamutu ka kaundula kaja ndi chovala chabe. Mwini nkhani ndi 7, ndipo amphaka ndi mbewa aikidwapo kuti mwana wasukulu akhale ndi pogwira pamene nambala ikukula momuthawa. Akuyamba ndi nyumba 7 zimene angathe kuziona m'maganizo mwake, ndipo atachulukitsa kanayi kokha ali ndi miyeso 16,807, malita oposa 80,000. Phunziro loyamba ndi limenelo: chinthu chobwerezedwa mochulukitsa chimakula mofulumira kuposa mmene maso amayembekezera.

Phunziro lachiwiri lili mumndandanda winawo, umene ambiri amaudumpha chifukwa mulibe nyama. Anthu a ku Egypt sankaloweza matebulo ochulukitsira monga timachitira kusukulu. Iwo ankawirikiza kawiri mobwerezabwereza, kenako n'kusankha mizere yofunika. Pofuna kuchulukitsa 2,801 ndi 7, Ahmes analemba nambalayo kamodzi, n'kuiwirikiza kukhala 5,602, n'kuwirikizanso kukhala 11,204. Popeza 1 ndi 2 ndi 4 zimakwana 7, anaphatikiza mizere itatuyo napeza 19,607. Apa 7 akuonetsa ubwino wake kwa mphunzitsi. Pochulukitsa ndi 5 kapena ndi 6 mwa njira imeneyi, mzere umodzi umasiyidwa. Pochulukitsa ndi 7, mizere yonse itatu imagwira ntchito, ndipo wophunzira amaona njira yonse popanda chotayika.

Nanga 2,801 wachokera kuti? Mlembi sanafotokoze, koma nambalayo imadziulula yokha. Ndi 1 kuphatikiza 7, 49, 343 ndi 2,401. Palinso njira ina yofikira pomwepo imene ikusonyeza kukongola kwa funsoli. Tengani nyumba 7, onjezerani 1, chulukitsani ndi 7: mwapeza 56, ndiye nyumba ndi amphaka pamodzi. Onjezerani 1 pa 56, chulukitsani ndi 7: mwapeza 399, ndipo mbewa zalowamo. Onjezeraninso 1, chulukitsani 400 ndi 7: mwapeza 2,800. Onjezerani 1 komaliza, ndipo 2,801 uja wafika, wokonzeka kuchulukitsidwa ndi 7 kuti apereke yankho. Mndandanda wachiwiriwu ukunena kuti pali njira yachidule: kuwonkhetsa kwa masitepe asanu kumabadwa kuchokera ku kuwonkhetsa kwa masitepe anayi. Mindandanda iwiriyi yaikidwa pamodzi kuti izichitirana umboni. Wina ukuyenda njira yaitali yowerenga chimodzichimodzi, wina ukudutsa chidule, ndipo ikukumana pa 19,607. Tanthauzo la 7 wobwerezabwerezayu ndi lamulo limeneli, ndipo ndi tanthauzo limene munthu aliyense, wa chikhulupiriro chilichonse ndi wa m'badwo uliwonse, angaliyese ndi pensulo n'kulipeza chimodzimodzi.

Tsopano tibwere pa chilema cha kandimeka. Wowerenga watcheru waona kale kuti 343 kuchulukitsa ndi 7 ndi 2,401, pomwe pa gumbwapo palembedwa 2,301. Zana limodzi lasowa. Cholakwa chimenechi chikutiuza zambiri za mmene kandimeka kanalembedwera. Ahmes akanachulukitsa 2,301 ndi 7 akanapeza 16,107, koma iye analemba 16,807, nambala yolondola. Akanaphatikiza manambala asanu monga alili pa mpukutu wake akanapeza 19,507, koma analemba 19,607, yolondolanso. Ndiye kuti masamuwo anachitika bwino poyamba, ndipo zanalo linatayika polemba kapena pokopera, kaya ndi dzanja la Ahmes kaya ndi la mlembi wina amene anamutsogolera. Chochititsa chidwi n'chakuti ife, patapita zaka zoposa 3,500, tikhoza kuloza nambala yolakwikayo ndi kuikonza mosakayika. Tikutha kutero chifukwa kubwereza kwa 7 kuli ndi lamulo, ndipo lamulo limagwira wolakwa ngakhale atakhala mlembi mwiniwake. Kumasulira kumene sikungathe kuloza cholakwa chilichonse, kumene kumavomera 2,301 ndi 2,401 mofanana n'kupezera iliyonse uthenga wake, sikukutiuza kanthu za nambalayo.

Komabe mtima umafunsa: bwanji 7, nanga bwanji amphaka? Pali zambiri zokopa munthu kuti aone zopatulika pano. Nthano za ku Egypt zimanena za milungu yaikazi 7 yotchedwa Hathor imene inkafika mwana akabadwa kudzanena za tsogolo lake. Mphaka anali nyama ya mulungu wamkazi Bastet, ndipo Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece, anafotokoza chikondwerero cha ku Bubastis kumene ankati kunkasonkhana anthu okwana 700,000, akubwera pa mabwato akuimba ndi kuvina. M'zithunzi za maphwando zojambulidwa m'manda a ku Thebes amphaka amapezekamo kawirikawiri. M'manda a Nakht, mwachitsanzo, mphaka ali pansi pa mpando akudya nsomba pamene eni nyumba ali paphwando. Zonsezi ndi zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chalowa m'kandime kathu. Herodotus analemba patapita zaka zoposa 1,000 kuchokera pa nthawi ya Ahmes. Mphaka wa paphwando amadziwika ndi malo amene wakhala, pansi pa mpando wa mayi wa pakhomo. Mphaka wa Ahmes nayenso amadziwika ndi malo ake, pakati pa nyumba ndi mbewa, ndipo amenewo ndi malo a mphaka wantchito.

Za 7 nazonso, mpukutu womwewo ukupereka chifukwa chapafupi. Nambalayi inali yovuta kwa alembi pogawa, chifukwa masamu awo ankalemba pafupifupi gawo lililonse ngati kuphatikiza kwa tizigawo tokhala ndi 1 pamwamba. Pa tebulo la koyambirira kwa mpukutu, 2/7 yalembedwa ngati 1/4 kuphatikiza 1/28. Funso 24 likufuna nambala imene ukaiphatikiza ndi 1/7 yake imakwana 19. Mphunzitsi amakonda nambala imene siilola wophunzira kungolota yankho, ndipo 7 ndi wotero.

Ambiri a ife tikamva za Egypt, tirigu ndi 7 wobwerezabwereza, maganizo amathamangira ku Genesis chaputala 41, kumene Farao analota ng'ombe 7 zonenepa ndi 7 zowonda, ngala 7 zokhwima ndi 7 zofwapa. Kuika nkhani ziwirizi pamodzi kumathandiza kuona kusiyana kwake. Mu Genesis, nkhaniyo imanena yokha kuti malotowo ali ndi uthenga, imabweretsa womasulira, Yosefe, ndipo imafotokozanso chifukwa chake lotolo linabwera kawiri. Manambala ake sachulukitsidwa. Ng'ombe 7 ndi ngala 7 zikuimira zaka 7 zomwezo, osati 49. Ndipo kumasulira kwa Yosefe kukanatha kulephera poyera, chifukwa njala ikanapanda kubwera aliyense akanaona. Kwa Ahmes kulibe loto ndipo kulibe womasulira, kuli kuwonkhetsa kochitidwa kawiri. Cholembedwa chilichonse mwa ziwirizi chikumuuza wowerenga mmene chikufunira kuwerengedwa, ndipo ulemu woyamba umene tingachipatse ndi kumvera zimenezo.

Amphaka a Ahmes ali ndi ofanana nawo m'mibadwo yapambuyo. Mu 1202 Leonardo wa ku Pisa, amene timamudziwa kuti Fibonacci, anaika m'buku lake la Liber Abaci funso la amayi okalamba 7 opita ku Rome, aliyense ndi nyulu 7, nyulu iliyonse ndi matumba 7, mpaka mikate, mipeni ndi zimake za mipeniyo. Masitepe ake ndi 6 ndipo kuwonkhetsa kwake ndi 137,256, nambala imene imatuluka mukaonjezera 1 pa 19,607 n'kuchulukitsa ndi 7. Ku England kuli ndagi ya ana yonena za munthu wopita ku St Ives amene anakumana ndi mwamuna wa akazi 7, mkazi aliyense ndi matumba 7, thumba lililonse ndi amphaka 7, mphaka aliyense ndi ana 7. Mukawerenga onsewo pamodzi ndi mwamunayo mupeza 2,801, nambala ya Ahmes yeniyeni. N'zosavuta kunena kuti ndagiyi inayenda pakamwa kuchokera ku Nile mpaka ku England. Koma kufanana si umboni wa ubale. Aliyense wochulukitsa 7 ndi 7 kanayi adzafika pa manambala omwewa, ndipo ndagi ya St Ives imene inalembedwa pamanja cha m'ma 1730 ili ndi 9 m'malo mwa 7.

Chiyeso chomwechi chinagweranso nyimbo yotchuka ya Khirisimasi ya ku England, The Twelve Days of Christmas, imene inasindikizidwa cha m'ma 1780. Mphatso zake zimawonjezeka tsiku ndi tsiku kwa masiku 12, ndipo zonse pamodzi zimakwana 364. Mu 1979 Hugh McKellar wa ku Canada anafalitsa maganizo akuti nambala iliyonse m'nyimbomo ikubisa chiphunzitso cha Akatolika cha m'nthawi imene ankazunzidwa ku England. Maganizowa anafala kwambiri, koma ofufuza mbiri ya nyimboyo sanapeze cholembedwa chakale chowachirikiza, ndipo zinthu zimene amati zinabisidwa, monga Mauthenga Abwino 4 ndi Malamulo 10, zinali zovomerezeka kwa Akatolika ndi Aangilikani omwe, moti panalibe chifukwa chozibisira. Chiwerengero cha 364 aliyense angachitsimikizire, pomwe chinsinsi chija chimangodalira kuti munthu wachikonda.

Masiku ano anthu ambiri amayang'ana pa foni n'kuona 11:11 kapena 22:22, amaona 777 pa nambala ya galimoto, ndipo mtima umagunda. Mabuku a Doreen Virtue wa ku America anathandiza kufalitsa chikhulupiriro chakuti manambala otere ndi mauthenga a angelo, ngakhale kuti iye mwini anazikana zimenezi mu 2017 atatembenukira ku Chikhristu. Munthu wogwidwa mtima ndi manambala otere sayenera kunyozedwa. Kawirikawiri amakhala pa nthawi yovuta, akudikira yankho la ntchito, akulira wokondedwa wake, kapena akufuna chitsimikizo chakuti saiwalidwa. Njala imeneyo ndi yeniyeni ndipo iyenera kuyankhidwa ndi anthu, pemphero ndi uphungu wabwino. Koma nambalayo tiichitire zimene Ahmes anachitira 7 wake. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndipo pa wotchi ya maola 24, ola ndi mphindi zimafanana ka 24, kuyambira 00:00 mpaka 23:23. Ndiye kuti mphindi imodzi mwa 60 zilizonse ndi yotere. Munthu woyang'ana foni ka 60 pa tsiku ayembekezere kukumana nayo pafupifupi kamodzi pa tsiku, ngakhale masiku ena adzaiphonya. Nthawi zina 59 zija saziwerenga chifukwa sizimukhudza mtima, ndipo akangoyamba kuiyembekezera 11:11, maso ake amaisaka.

Kuwerenga motere sikuchotsa chodabwitsa m'dziko. Kumachiika pamalo pamene chingapirire mafunso. N'zodabwitsa ndithu kuti njira ziwiri zosiyana zikufika pa 19,607, kuti lamulo lomwelo likugwira ntchito kwa Fibonacci patapita zaka zoposa 2,700, ndiponso kuti mwana wa sukulu ya sekondale lero angakonze zimene mlembi wa ku Egypt analakwitsa. Funso 79 likutisiyira mafunso atatu oti tizifunsa pamene nambala, loto, chithunzi kapena vesi yatigwira mtima. Kodi chalembedwa n'chiyani kwenikweni? Kodi ine ndawonjezapo chiyani? Nanga ndikanakhala kuti ndalakwa, ndikanadziwira pati? Kumasulira kumene kungayankhe mafunso atatuwa n'koyenera kukusunga ndi kukuphunzitsa ana athu. Kumene sikungayankhe lachitatu tisakudalire posankha za ndalama, za banja kapena za mankhwala, chifukwa pa zinthu zimenezo kulakwitsa kumapweteka anthu enieni.